Mubwere Liti Kudzaona Nyanja ya Chilwa?

Chaka chilichonse Novembala akamapita kumapeto, mafoni athu amayamba kulira. Ndi abale a ku Blantyre, a ku Lilongwe, ena ali ku Joni, ndipo mawu ake amakhala amodzimodzi: "Achemwali, ana atsala pang'ono kutsekera. Tikufuna tibwere nawo kumudzi adzaone nyanja ya agogo awo. Mutikonzere pogona." Atsogoleri a achinyamata a m'mipingo ya m'tauni nawonso amaimba, kufunsa ngati kuli malo omangapo matenti masiku atatu pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano.

Ife a kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kufupi ndi doko la Kachulu, tinaleredwa kuti mlendo sabwezedwa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndiye ukamukana lero sudziwa kuti adzafikanso liti pakhomo pako. Koma pa zaka zimene takhala tikugwira ntchito yodzipereka ya zaumoyo mu mpingo wathu, taphunzira kuyankha mawu amene kale ankatichititsa manyazi: "Musabwere tsopano. Dikirani mpunga uche kaye." Ena amakhumudwa, amaganiza kuti tikuopa kuwaphikira. Choncho talemba pano zimene pa foni sititha kufotokoza bwino, poti mayunitsi amatha nkhani isanafike pakati.

Tikudziwa kumene maganizo a Disembala amachokera. Ndi mwezi wa tchuthi, ndi mwezi umene ena amalandirako kangachepe kowonjezera kuntchito. Komanso munthu wa m'tauni akamva mawu akuti nyanja, m'mutu mwake mumabwera Mangochi: mchenga woyera, mahotela ondondozana kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, phula kufika pafupi ndi madzi. Nyanja ya Malawi ndi yakuya, pena kufika mamita 700, ndipo kaya mupite mu Epulo kaya mu Okutobala mumakaipeza pafupi ndi pomwe munaisiya.

Chilwa si choncho. Ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, pafupifupi makilomita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi mukaphatikiza madambo ake, koma ndi yosaya ngati lichero. Malo ambiri woyendetsa bwato amangokankha ndi nsungwi yogunda pansi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira madzi m'nyanjayi, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wowatulutsa. Amawatulutsa ndi dzuwa ndi mphepo basi. N'chifukwa chake madzi ake ndi otuwa, amchere pang'ono, ndipo chaka chilichonse amakwera ndi kutsika pafupifupi mita yathunthu. Pa chigwa chathyathyathya ngati chathuchi mita imodzi si yamasewera: pomwe munakwerera bwato mu Epulo, mu Novembala mumapeza ng'ombe zikudya msipu. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu Epulo 1859 n'kuilemba m'mabuku ake kuti Shirwa. Ife timaseka kuti mzunguyo anachita mwayi ndi mwezi, chifukwa akanafika mu Novembala wa chaka choipa akanalemba kuti waona dambo.

Tisanatchule miyezi yabwino, tikuuzeni zimene zinatiphunzitsa kukana.

Chaka china tinavomera. Achinyamata oposa 30 a mpingo wina wa m'tauni anabwera pa lole, Khirisimasi itangodutsa. Usiku wa dzulo lake mvula inali itagwa yamphamvu. Kuchokera mu mzinda wa Zomba kufika ku Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo chakumapeto kwake msewu umadutsa m'makande. Amene sanayendepo m'makande onyowa sangamvetse: amaterera ngati therere, kwinaku akumatirira matayala mpaka galimoto kuoneka ngati yavala nsapato za dothi. Lole inatitimira kutatsala mtunda ndithu. Ana anatsika, anasenza matenti, zikwama ndi ufa, koma migolo iwiri ya madzi akumwa imene anabwera nayo inatsala pa lole chifukwa cha kulemera.

Apa ndi pomwe ife tinalakwa, ndipo sitinamizira wina. Kolorini tinali naye. Tinathira m'ndowa za kukhitchini, koma m'chipwirikiti cha kuphikira khamu lonselo tinaiwala ndowa zimene anyamata anakatunga okha pa chitsime chapafupi n'kuika kumatenti. Usiku wachiwiri mtsikana wa zaka 14 anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Pofika pakati pa usiku maso anali atalowa, ndipo ukatsina khungu la pamimba silinkabwerera msanga. Timapaketi ta Thanzi ORS tinali nato tiwiri tokha. Titatha tinasungunula shuga masupuni aang'ono 6 osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, n'kumamumwetsa pang'onopang'ono. Galimoto panalibe yoti n'kuyenda m'matope amenewo. Tinamukhazika pa njinga, wina akukankha, wina atamugwira kumsana, wina akuunikira ndi tochi, mpaka kuchipatala chaching'ono cha dera lathu kumene anamuika diripi. Mulungu anatichitira chifundo, mwana anachira. Koma gululo litabwerera kwawo, ana atatu anagwa malungo pasanathe milungu iwiri, poti m'matenti munalibe masikito.

Mayi a mtsikana uja anatiimbira foni. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Achemwali, inu ndi amene mumadziwa za kwanuko. Bwanji simunatiuze?" Tinasowa choyankha, ndipo funso limenelo timalimvabe mafoni a Novembala akamalira.

Dzinja kuno, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi nyengo yolemetsa ngakhale kwa ife eni. Madzi apansi ali pafupi kwambiri, ndiye mvula ikachuluka zimbudzi zimadzaza, zina kugwa, ndipo zonsezo zimalowa m'zitsime zosatetezedwa. Mijigo ilipo, koma ina ya kufupi ndi nyanja madzi ake ndi amchere moti mlendo amalavula n'kupita kukafuna madzi okoma kwina, ndipo madzi okomawo ndi amene amakhala ndi matenda. Pakati pa nyanja pali asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa ndi mabango ndi udzu, amene amatha milungu osaponda kumtunda. Amamwa madzi omwewo, amasamba momwemo, amadzithandizanso momwemo. Kolera akalowa pakati pawo amafika m'madoko onse a Zomba, Machinga ndi Phalombe m'masiku owerengeka. Zinachitika chakumapeto kwa 2015, mpaka mu 2016 kunabwera katemera wa kolera wakumwa, ndipo asodzi ena a m'zimbowera anapatsidwa gawo lachiwiri la katemerayo kuti akamwere konko okha, chifukwa kuwapezanso kawiri kunali kovuta.

Tisanamenso kuti kolera ndi wa dzinja lokha. Uja anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 anadutsa chilimwe chonse osatha, anafalikira dziko lonse, ndipo anatenga anthu oposa 1,700. Koma m'dzinja ndi m'mene njira zake zimachuluka, ndiponso ndi m'mene njira yopitira kuchipatala imatsekeka. Udzudzu nawo ndi womwewo. M'madambo mwathu sutheratu chaka chonse, koma kuyambira Januwale mpaka Epulo umakhala ngati utsi, ndipo ana obadwira m'tauni malungo amawagwetsa msanga kuposa athu.

Pali chinanso chimene alendo a Disembala sadziwa. Kuyambira mwezi umenewu boma limaletsa makoka pa nyanjayi kuti nsomba ziswane. Phokoso la padoko limene mumafuna kuti ana aone, mabwato akufika m'mamawa, amayi akuyanika matemba pa thandala, ogula akukangana mitengo, limachepa kwambiri. Mumafika mutavutika, n'kupeza doko lili zii.

Tinene chilungamo, dzinja lili ndi kukongola kwake. Chigwa chonse chimabiriwira, phiri la Mpyupyu limaoneka ngati lasambitsidwa, ndipo mbalame zimakhala zambiri kuposa nthawi ina iliyonse, chifukwa pa zathu za masiku onse zimawonjezerekapo zina zothawa chisanu ku Ulaya ndi ku Asia, zimene zimafika cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo. Mbalame zimenezi n'zimene zinachititsa kuti Chilwa akhale malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika nyanjayi pa mndandanda wa malo achilengedwe oyenera kusamalidwa pamodzi ndi anthu okhalamo. Munthu wamkulu wokonda mbalame, wokhala ndi galimoto yamphamvu, madzi ake ndi masikito ake, sitimuletsa. Walira mvula walira matope, akudziwa yekha. Koma banja la ana aang'ono, mayi woyembekezera, kapena gulu la ana a anthu ena, ayi ndithu.

Ena akamva zimenezi amalumphira mbali ina: "Ndiye tibwere mu Okutobala, pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, msewu uli gwa." Msewu umakhaladi wouma. Koma kutentha kwa kuchigwa kuno si kwa mu mzinda wa Zomba. Tili pansi, mamita 600 ndi pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere, mitengo ya mthunzi ndi yochepa, ndipo masana a Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 30 mosavuta. Okalamba ndi odwala matenda othamanga magazi amavutika, makanda amafooka. Iyi ndiyonso miyezi imene madzi amakhala atathawira kutali. Mumatsika galimoto padoko n'kuuzidwa kuti bwato lili uko, ndipo kuti mulipeze muyenera kuyenda m'matope ofika m'mawondo, momwe muli misundu ndi nkhono za likodzo.

Chaka choipa ndiye nyanja simuipeza n'komwe. Makolo athu amasimba za 1968 pamene inaphwa yonse. Ya 1995 tinaiona ndi maso athu tili achinyamata: pansi pa nyanja panang'ambika ming'alu yolowa phazi, fumbi loyera lamchere linkawuluka mpaka m'nyumba, ndipo anthu ankapita ku chilumba cha Chisi pansi. Mu 2012 inatsikanso kwambiri. Mu 2018 mabwato anagona chammbali pa dothi louma pa Kachulu, ndipo atolankhani anabwera kudzajambula. Chaka chimenecho banja lina la abale athu linafika osaimba foni, ana atanyamula zovala zosambira. Mwana wamng'ono anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa bambo ake kuti, "Adadi, nyanja ija aisamutsira kuti?" Tinaseka, koma kuseka kwa m'kamwa mokha, chifukwa pa nthawiyo mabanja ambiri a asodzi ankagona ndi njala. M'zaka zabwino nyanja yaing'ono imeneyi imapereka gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi, nthawi zina kuposa apo, ndiye ikauma si asodzi okha amene amalira.

Chodabwitsa n'chakuti imabwerera. Nsomba zochepa zimabisala m'maiwe a mitsinje monga Likangala ndi Domasi, ndipo madzi akadzaza zimatsikiranso m'nyanja n'kuswana, moti pakatha zaka ziwiri kapena zitatu makoka amayambanso kulemera. Imabwereranso mopitirira muyeso nthawi zina. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 madzi anakwera mpaka kulowa m'minda ndi m'nyumba za m'mphepete. Choncho pa nyanja ino kalendala yokha sikwanira. Muyenera kufunsa mwezi, n'kufunsanso chaka.

Nanga mubwere liti? Yankho lathu ndi lakuti kuyambira pakati pa Meyi mpaka Julayi.

Pa nthawi imeneyi mvula yatha, makande auma koma fumbi silinachuluke, ndipo nyanja ikadali yodzaza ndi madzi a dzinja moti bwato limafika pafupi ndi pouma. Mukanyamuka ku Zomba m'mamawa, phiri lili kumbuyo kwanu, mumatsikira m'chigwa dzuwa likutuluka kutsogolo. M'madambo ndi m'masikimu a mpunga monga wa Likangala mumapeza anthu akumweta, ena akupuntha, ena akuyanika pa mikeka. Fungo la mpunga wa Faya watsopano ukamapsa pamoto limakupezani muli panjira. M'mbali mwa msewu muli nzimbe, mbatata, maungu ndi mtedza wongokumba kumene. Zimenezi si zokongoletsa nkhani. M'Januwale mlendo amadya chakudya chimene mwini nyumba wachotsa pakamwa pa ana ake, ngakhale sangakuuzeni. Mu Juni nkhokwe zili ndi kanthu, ndipo amene akukulandirani amakulandirani ndi mtima umodzi.

Pa Kachulu yesetsani kufika 7 koloko isanakwane. Kuzizira kwa m'mawa kumakhala kukadalipo, nkhungu yopyapyala itagona pamwamba pa njedza, akakowa ataima m'mbali mwa madzi ngati anthu odikira basi. Nantchengwa amayendayenda m'matope osasamala za munthu, atsekwe amadutsa m'mwamba, ndipo mukakhala ndi mwayi mumamva nkhwazi. Mabwato a usiku amakhala akufika. Ana a m'tauni amene amangodziwa matemba a m'mulu pamsika amaona koyamba akuphiriphitha m'dengu.

Kutsogolo kwanu kuli Chisi, chilumba chachikulu cha nyanjayi, dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira. Ndi mapiri otuluka m'madzi, okhala ndi midzi, minda ndi milambe ikuluikulu. Bwato limayamba ladutsa m'kanjira ka pakati pa njedza ndi mabango, momwe simuona china koma thambo ndi udzu, kenako mwadzidzidzi mumatulukira poyera. Pamenepo ngakhale ana olongolola amakhala chete. Kumwera kumaoneka phiri la Mulanje, kumpoto mapiri a Chikala, kumbuyo phiri la Zomba, ndipo kum'mawa, kutsidya, mapiri a ku Mozambique. Mu Meyi ndi Juni mpweya umakhala woyera moti zonsezi mumaziona tsiku limodzi. Mukafika pachilumba musathamangire kukwera phiri. Yambani mwaonekera kwa amfumu a mudzi umene mwafikira, mupereke moni, munene chimene mwadzera, ndipo adzakupatsani mnyamata wokutsogolerani.

Koma nyengo yozizirayi ili ndi chilombo chake, ndicho mwera. Mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'mawa, ndipo imalimba kwambiri mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Anthu amaganiza kuti nyanja yosaya ilibe mafunde. Ali nawo, aafupiafupi, obwera motsatizana, amene amamenya bwato lodzaza mpaka madzi kulowa. Masiku ambiri m'mawa kumakhala bata ndipo mphepo imadzuka dzuwa likakwera, n'chifukwa chake timati muwoloke m'mamawa n'kubwerera lisanapendeke. Woyendetsa bwato akakuuzani kuti lero sikuli bwino, musamukakamize ndi ndalama. Bwato likadzaza anthu, njinga ndi matumba a mpunga mpaka madzi kufika pafupi ndi milomo yake, tsikani mudikire lina, ngakhale anzanu akuseke. Majekete oyandamitsa sapezeka nthawi zonse padoko, ndiye atsogoleri a magulu abwereke kwina abwere nawo.

Musakonze zowoloka Lachisanu. Mu Juni dzuwa kuno limalowa cha m'ma 5:15, msanga kuposa mmene anthu ambiri amaganizira, ndipo mabwato a anthu wamba sanyamuka pa ola, amanyamuka akadzaza. Taonapo abale Sabata likuwalowera ali pakati pa madzi, chakudya chosaphika, ana osasamba. Fikani kuno Lachinayi kapena Lachisanu m'mawa, mukonzekere nafe, tipembedze limodzi, ndipo za pamadzi muzichite tsiku loyamba la mlungu kapena Lolemba.

Likodzo ndilo lilibe mwezi, ndipo pa ili tilankhule mosabisa. Ana akaona madzi amafuna kulowamo, ndipo adzaona ana athu akusambira n'kufunsa chifukwa chake iwo akuletsedwa. Ana athuwo ambiri amamwa mankhwala a likodzo kusukulu, ndipo ngakhale choncho timapezabe ena akukodza magazi. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha a m'mphepete, m'ngalande za mpunga ndi m'madambo, ndipo timalowa pakhungu popanda bala lililonse. Madzi ake angaoneke oyera, zilibe kanthu. Chilwa ndi nyanja yoiona ndi kuyendapo pa bwato, si yosambira. Ngati mwana walowa, kapena inu mwaponda m'madzi pokwera bwato, musachite mantha, koma lembani tsikulo. Mankhwala a praziquantel amapha nyongolotsi zikakula, ndiye kumwa mawa lake sikuthandiza. Pakatha milungu 6 kapena 8 pitani kuchipatala mukanene kuti munali ku Chilwa. Chimodzimodzi aliyense amene watentha thupi pasanathe mwezi chibwerereni akayezetse malungo tsiku lomwelo. Udzudzu wa Juni ndi wochepa, koma umodzi ndi wokwanira, choncho masikito abwere nawo ngakhale kukuzizira.

Madzi akumwa bwerani nawo m'zigubu zimene munthu mmodzi angathe kunyamula, osati m'migolo. Phunziro limenelo tinalilipira. Ngati atha, thirani kolorini kapena wiritsani, ndipo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'anira ndowa iliyonse, ya kukhitchini ndi ya kogona yomwe. Timapaketi ta ORS mutenge tokwanira, ndi sopo.

Pa za ndiwo, nsomba zodziwika za nyanjayi ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Matemba ndi makumba ali ndi mamba ndi zipsepse. Mlamba alibe mamba, ndipo a m'banja lathu la chikhulupiriro mukudziwa zimene Levitiko 11 amanena. Tikutchula chifukwa kuno mlamba wowamba ndi ndiwo yaulemu, yophikira mlendo, ndipo anthu a pachilumba kapena a m'midzi ina angakukonzereni ndi mtima wabwino. Nenani msanga, mwaulemu, moto usanakolezedwe, kuti mayi wa pakhomo asachite manyazi mbale itafika kale pamphasa. Amene simudya nsomba konse musadandaule. Ino ndi nyengo ya nyemba, khobwe, nkhwani wotendera ndi mpunga watsopano, ndipo chakumapeto kwa Julayi nandolo wamuwisi amayamba.

Ambiri obwera ku Zomba amadzera phiri, nyanja n'kungoionera patali. Ngati muli ndi masiku, chitani zonse ziwiri, chifukwa miyezi yomweyi ndi yabwinonso kumtunda. Mathithi a Williams amakhala akadali ndi madzi, damu la Mulunguzi lodzaza, ndipo pa Emperor's View, pomwe panatchedwa dzinali chifukwa cha ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, mumaona chigwa chonse, nyanja ikunyezimira ndi Chisi pakati pake. Ana amasangalala kuloza pomwe anali dzulo. Kungoti kumtunda kumazizira zenizeni, ndipo chiperoni chikabwera, kamvula kowaza ndi nkhungu yochokera mbali ya ku Mozambique, mutha kukhala masiku awiri kapena atatu osaona ngakhale mtengo uli patsogolo panu. Majuzi ndi mabulangete asatsale. Mukadzuka ku Zomba n'kuona phiri lafunda, tsikirani kunyanja kaye ngati mphepo ilola, phiri mudzakwere kukayera.

Tikudziwa vuto la makolo: mu Meyi ndi Juni ana ali pasukulu. Ulendo wa kuno sufuna mlungu wathunthu kwa a ku Blantyre, Zomba kapena Liwonde. Masiku awiri kapena atatu akwana, ndipo tchuthi cha pa 14 Meyi kapena cha pa 6 Julayi chikagundana bwino ndi mapeto a mlungu, mwapeza mpata. A kutali dikirani sukulu zitseke chakumapeto kwa Julayi, mubwere m'masiku oyambirira a tchuthi. Ogasiti ndi wachiwiri pa kusankha kwathu. Msewu ndi wabwino, udzudzu wachepa, koma mwera umakhala pachimake, madzi ayamba kutsika, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri moti Mulanje amasowa. Ndi nyengonso ya misonkhano ya misasa, ndiye onani kaye masiku a msasa wa kwanu ndi wa kuno, mungadzapeze tonse tatseka nyumba.

Mwezi uliwonse umene mwasankha, imbani foni kutatsala mlungu umodzi, ndipo musafunse kuti "kuli bwanji", poti ife a kumudzi timayankha kuti kuli bwino ngakhale denga likudontha. Funsani kuti bwato likuima pati, pa doko penipeni kapena kutali. Funsani ngati galimoto yaing'ono yadutsa msewu wa Kachulu mlungu uno. Funsani ngati alangizi a zaumoyo alengeza za kutsegula m'mimba m'madoko. Mukafunsa chotero tidzakuyankhani zoona, chifukwa mwatipatsa poyambira.

Mtsikana uja tinamukankha pa njinga usiku anabweranso chaka chatha mu Juni, ali mayi tsopano, ndi mwamuna wake ndi khanda kumbuyo. Potsika galimoto chinthu choyamba kutulutsa chinali chigubu cha malita 20, ndipo anatiyang'ana n'kuseka, ifenso tinaseka. Ku Chisi sanafikeko ulendo woyamba uja, ndiye tinawoloka naye Lolemba m'mamawa, khanda titalisiya ndi agogo kumtunda. Anakwera phiri mpaka pomwe nyanja yonse imaonekera, anajambula zithunzi zotumizira mayi ake, ndipo 11 koloko tinali m'bwato kubwerera. Mwera unayamba kugwedeza njedza tikulowa m'kanjira ka padoko. Madzulo ake anagula thumba la mpunga wa Faya kwa mnansi wathu, ndipo mwamuna wake anavutika kulikweza m'galimoto chifukwa malo anali atatenga kale maungu.